Kusiya zankhuli m'dera lopanda supamaketi: malangizo ochokera ku Detroit

Munthu wakuda akalengeza ku America kuti wasiya nyama, nsomba, mkaka ndi mazira, abale amathamangira kufunsa kuti ndiye azidya chiyani. Ife amene tinakulira nsima ya nyemba ndi nkhwani wotendera, yankho la funso limenelo tili nalo kale. Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi china: chakudyacho akagula kuti, ndi ndalama zingati, nanga aphika nthawi yanji poti aweruka 7 koloko m'mawa atachezera usiku wonse kusamalira okalamba. Malangizo awa akuyambira pamenepo. Ndi a Amalawi, Azambia ndi ena akwathu amene akukhala m'madera a anthu akuda m'mizinda ya kuno ndipo akufuna kumadya zakumunda zokhazokha, zimene amati vegan, kaya chifukwa cha BP ndi shuga, kaya chifukwa cha mpingo, kaya pomvera chisoni ziweto.

Chitsanzo ndatenga Detroit, mzinda umene mwa anthu anayi alionse, oposa atatu ndi akuda. Masitolo a Farmer Jack atatsekedwa mu 2007, mumzinda monsemo masupamaketi a makampani akuluakulu anali osowa kwambiri mpaka mu 2013, pamene Whole Foods ndi Meijer anatsegula. Magolosale a anthu wamba analipo, koma m'madera ambiri malo apafupi ogulako chakudya anali ogulitsa mowa, omwetsera mafuta a galimoto ndi a nkhuku yokazinga. Eni mzindawo sanangokhala n'kumadandaula, ndipo zimene anamanga ndi zimene mlendo angatsamirepo lero. Ngati muli ku South Bend, Baltimore kapena Dallas, mayina a malo asintha koma ndondomeko yake ndi yomweyi.

Yambani ndi mapu, mphika ubwera pambuyo

Tengani pepala mulembe malo onse ogulitsa chakudya amene ali m'njira zimene mumadutsa kale: ya kuntchito, ya kutchalitchi, ya kusukulu kwa mwana. Sitolo yofuna mabasi awiri musaiwerengere. Mu January, kunja kukazizira mpaka zala kuuma, simudzapitako.

Nthambi ya boma yoona zaulimi, USDA, imati dera la anthu opeza movutikira lili kutali ndi chakudya ngati anthu ochuluka a m'menemo amayenda mtunda woposa mailosi imodzi mumzinda, kapena mamailosi 10 kumudzi, kuti apeze supamaketi. Ali ndi mapu ake pa intaneti. Vuto lake mapuwo amawerenga masitolo akuluakulu okha, ndiye amadumpha malo amene munthu wakwathu angapindule nawo kwambiri, omwe ndi timasitolo ta anthu obwera ngati ife tomwe.

Ku Hamtramck, kamzinda kamene kali m'kati mwa Detroit, mumsewu wa Conant muli masitolo a anthu a ku Bangladesh. Kumeneko mupeza mphodza, tchana, mpunga wa m'matumba akuluakulu, therere, mabilinganya, ndiponso bonongwe wofiira nyengo yake ikakwana. Nandolo wosenda amamulemba kuti toor dal. Ndi nandolo yemweyu amene alimi a ku Mulanje, Phalombe ndi Balaka amagulitsa kuti apite ku India. Masoya pisi aliponso, pa paketi amalemba soya chunks. Ku Dearborn, mumsewu wa Warren, Aarabu amagulitsa nyemba zamitundumitundu, chitowe ndi tahini, chomwe ndi chitowe chopera. Kum'mwera chakumadzulo kwa mzinda, masitolo a anthu a ku Mexico ali ndi nyemba zouma zotsika mtengo, mapeyala, tsabola ndi nthanga za maungu. Masitolo a anzathu a ku West Africa ndi ku Caribbean ndiwo amasunga ufa wa nsima, chigwada chosinjasinja cha m'firiji ndi masamba a mbatata, kholowa wathu uja.

Eastern Market, umene wakhalapo kuyambira 1891, umatsegula Loweruka lililonse chaka chonse. Wofuna kusankha zabwino alawire. Wofuna mtengo apite chakumasana, ogulitsa akayamba kulongedza, chifukwa palibe amene amafuna kubwerera ndi masamba ofota. Ndipo kuyambira pa 1 May 2024, mumsewu wa Woodward muli Detroit People's Food Co-op, golosale imene eni ake ndi mamembala, ndipo anaiyambitsa ndi anthu akuda a mumzindamo. Aliyense amagulamo, kaya ndi membala kaya ayi. Ine ndimati kaguleni ngakhale zinthu ziwiri zokha pa mwezi, popeza sitolo yotere imafa ndi anthu oiyamikira pakamwa kwinaku ngolo akukadzazira kwina.

Ngati chapafupi nanu ndi sitolo ya dola yokha, musainyoze. Mumapezeka oats, chiponde, nyemba zouma, mpunga, tomato wa m'chitini, ndipo ena ali ndi firiji ya masamba. Masamba oundana ndi chakudya chenicheni. Amawaumitsa ndi chisanu atangothyoledwa, moti nthawi zina amaposa aja atha sabata akufota pashelefu.

Funsani thandizo limene lilipo

Amene ali ndi khadi ya SNAP, thandizo la boma logulira chakudya, yomwe ku Michigan amaitcha Bridge Card, afunse za Double Up Food Bucks. Ndondomekoyi inayambira ku Detroit komweko mu 2009 ndi bungwe la Fair Food Network, ndipo pano ili m'madera ena ambiri. Mukagula zipatso ndi masamba a dola imodzi ndi khadiyo, amakupatsani dola ina yogulira zipatso ndi masamba, mpaka malire amene anaika pa tsiku. Khadi yomweyo imaloledwa kugulira mbewu ndi mbande za zakudya, chinthu chimene ambiri sadziwa. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 5 ali ndi WIC, imene mwa zina imapereka nyemba, chiponde, mkaka wa soya, tofu, zipatso ndi masamba.

Apa anzanga obwera musamale. Si aliyense amene malamulo amamulola kulandira SNAP. Zimadalira mapepala amene muli nawo ndi zaka zimene mwakhala, ndipo malamulowo amasinthasintha. Musalembetse chifukwa choti mnzanu analembetsa. Funsani kaye bungwe lothandiza obwera pa zamalamulo. Kupatula zaboma, kuli malo ogawa chakudya m'matchalitchi ndi m'masukulu, amene ku Detroit ambiri amalandira katundu kuchokera ku Gleaners ndi Forgotten Harvest. Kuimba 211 kumakuuzani apafupi nanu. Mukafika, auzeni kuti nyama ndi mkaka apatse ena, inu akuwonjezereni nyemba ndi masamba. Kawirikawiri amasangalala, chifukwa nyemba zouma ndi zimene anthu amakonda kusiya.

Ndalama yoyamba ipite ku zouma

Ku sukulu ndi ku sikelo kwathu anatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Inu mukuchotsa gulu limodzi, ndiye gulu la zanyemba liyenera kusenza katundu wa awiri. Amene amachotsa nyama n'kudzaza mpatawo ndi buledi woyera, chipisi ndi zakumwa zashuga, amatha miyezi iwiri n'kumati za vegan zimafoola. Chawafoola ndi njala.

Munthu wamkulu amafunika pafupifupi magalamu 0.8 a mapulotini pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, kutanthauza kuti wolemera makilogalamu 70 akufunika magalamu 56 pa tsiku. Kapu imodzi ya khobwe wophika ili ndi pafupifupi magalamu 13, ya lentils 18, masupuni awiri aakulu a chiponde 7 kapena 8, kapu ya mkaka wa soya 7. Nsima, mpunga ndi oats nazonso zimawonjezerako. Mukadya zanyemba kawiri pa tsiku ndi mtedza kamodzi, nkhani ya mapulotini yatha.

Choncho ulendo woyamba gulani khobwe, amene kuno amalemba black-eyed peas, nyemba zofiira kapena zamawanga, lentils wofiira amene amapsa m'mphindi 15 osanyika, masoya pisi, oats, mpunga, ufa, mtedza wosathira mchere, mafuta a canola, anyezi, adyo ndi tomato wa m'chitini. Paketi ya paundi imodzi ya nyemba zouma, magalamu 454, imatulutsa makapu pafupifupi 6 zikapsa, zofanana ndi zitini zinayi, pa mtengo wotsika kutali. Zitini zingapo sunganibe za tsiku lotopa, koma muzitsuka nyembazo pampopi kuti mchere wambiri uchoke.

Pogula ufa wa nsima m'supamaketi yang'anani white cornmeal wosalala, ndipo mupewe wolembedwa self-rising. Ameneyo anathiramo kale mchere ndi zotupitsa, nsima yake simungaimalize. Wa masa harina ndi wa chimanga chophikidwa ndi laimu, fungo lake ndi la tortilla. Amene ali ndi shuga asankhe ufa wosakonola, wofanana ndi mgaiwa, ndipo achepetse mitanda, achulukitse ndiwo.

Mabaga, masoseji ndi tchizi zopangidwa kuti zifanane ndi zanyama zisiyeni kaye. N'zodula, zambiri n'zamchere, ndipo ndi zimene zinabweretsa mbiri yoti kudya kotereku n'kwa anthu andalama.

Miphika iwiri imene igwire sabata yonse

Chakudya cha anthu akuda a ku America, chimene amati soul food, chinabwera ku Detroit ndi mabanja ochokera ku Alabama, Georgia ndi Mississippi, pa msamuko waukulu wa anthu pafupifupi 6 miliyoni amene anachoka kum'mwera pakati pa 1910 ndi 1970. Pansi pa nkhuku yokazinga ndi nthiti zowotcha zimene timaona m'malesitilanti pali chakudya cha tsiku ndi tsiku cha alimi osauka: masamba, khobwe, therere, mbatata ndi chimanga, nyama ikungolowa kachidutswa kokometsera msuzi. Khobwe, therere, mapira, chitowe ndi mavwende zinawoloka nyanja kuchokera ku Africa nthawi ya ukapolo. Mpaka lero pa 1 January mabanja ambiri amaphika khobwe ndi mpunga, Hoppin' John, pofuna mwayi m'chaka chatsopano. Ndiye mukamaphika miphika iwiri iyi, anansi anu aizindikira.

Woyamba ndi wa khobwe. Madzulo sankhani paundi imodzi, muchotse timiyala, munyike m'madzi ambiri. M'mawa tayani madziwo, thirani ena opitirira khobweyo ndi zala zitatu, mubwatitse. Likabwata chepetsani moto. Khobwe sachedwa ngati nyemba, pakatha mphindi 40 yambani kumutswanya ndi zala kuti muone. Pambali kazingani anyezi awiri m'masupuni awiri a mafuta, pamoto wochepa, mpaka afiire bii m'mbalimu. Osathamanga apa, chifukwa kukoma kumene nyama inkapereka kukuchokera pa anyezi ameneyu. Onjezani adyo, supuni yaing'ono ya smoked paprika, tsabola, ndi chitini cha tomato, mukazinge mpaka mafuta ayambe kuoneka pamwamba. Khuthulirani mumphika wa khobwe, thirani mchere pang'ono, mutswanye chipande chimodzi cha khobweyo m'mbali mwa poto kuti msuzi ulimbe. Gawani m'makontena: atatu m'firiji ya pansi, otsala m'chipinda choundanitsa. Za m'firiji ya pansi zidyedwe pasanathe masiku anayi.

Nyemba zofiira zikuluzikulu zija, kidney beans, zili ndi lamulo lake. Zikanyikidwa ziyenera kubwata mwamphamvu mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto kapena kuziika mu slow cooker. Zikangofunda osabwata, poizoni wake wachilengedwe saphedwa, ndipo munthu amasanza ndi kutsegula m'mimba. Ambiri ogwira ntchito usiku amakonda kusiya poto wamagetsiyu akuphika okha ali kuntchito, ndiye ndati ndinene.

Wachiwiri ndi wa masamba. Collard greens amapezeka pafupifupi m'golosale iliyonse ya m'dera la anthu akuda, pamodzi ndi mustard greens, womwe ndi mpiru, ndi masamba a tanaposi. Tsamba la collard ndi lalikulu, lokhuthala kuposa repu, ndipo limabisa mchenga m'mitsempha. Dzazani sinki ndi madzi, muviike masambawo, muwagwedeze, muwatulutse, mutaye madzi. Bwerezani mpaka pansi pasatsale mchenga. Gwirani phesi ndi dzanja limodzi, linalo mukokere tsamba kuti lisiyane ndi msana wake. Sanjikizani masamba asanu, muwapinde ngati mpukutu, muwadule mopyapyala monga timadulira repu.

Kuchokera apa njira zilipo ziwiri. Ya kum'mwera kwa America ndi yowaphika nthawi yaitali, mphindi 45 kapena ola, mumsuzi wa anyezi, adyo, smoked paprika kapena madontho atatu a liquid smoke m'malo mwa mwendo wa nkhumba wowamba, kenako kumalizira ndi supuni ya viniga. Msuzi wotsala pansi, umene amati pot likker, sautaya. Amasunsira cornbread, inu musunsira nsima. Njira yathu ndi yotendera. Wiritsani masambawo m'madzi ochepa ndi tomato mpaka afewe, kenako thirani nsinjiro, muvundikire mphindi zingapo musanatakase, muphikebe mpaka fungo la mtedza wauwisi lithe. Nsinjiro mupanga nokha pogaya mtedza mu blender pang'onopang'ono, kuyatsa n'kuzimitsa, chifukwa mukalekerera isanduka chiponde. Ngati mulibe, sungunulani masupuni atatu a chiponde chosathira shuga m'madzi otentha. Soda musathire. Ndikudziwa kuti masamba amafewa msanga n'kubiriwira bwino, koma soda amaononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B.

Miphika iwiriyi ikakhalapo, zotsala n'zopepuka. M'mawa phala la oats kapena la mgaiwa lothira chiponde ndi nthochi. Kuntchito khobwe ndi mpunga. Madzulo nsima, masamba ndi masoya pisi, amene muyenera kuwanyika m'madzi otentha, kuwafinya, n'kuwakazinga kaye mpaka afiire musanathire tomato. Tsiku lina futali wa mbatata, tsiku lina chipere cha toor dal, tsiku lina therere.

Mimba idzadandaula masabata oyamba. Walira mvula walira matope. Yambani ndi theka la kapu ya zanyemba pa chakudya chilichonse, muzitaya madzi onyikira, muziphika mpaka zifewe ndithu, mpweya udzachepa thupi likazolowera. Ndipo palibe lamulo loti musiye zonse tsiku limodzi. Akhristu a Orthodox a ku Ethiopia amasala zanyama ndi zamkaka Lachitatu ndi Lachisanu pafupifupi chaka chonse. Kuyamba ndi masiku awiri otero n'kumawonjezera ndi njira yabwino kwa banja limene ena sanagwirizane nazo.

Gulani B12 tsiku lomwelo limene mwasiya nyama

Pa zonse ndalemba pano, ichi chokha ndicho sindilola kukambirana. Vitamini B12 sapezeka m'zomera. Mulibe mu chammwamba, mulibe mu thobwa, ndipo spirulina amene ena amagulitsa pa Facebook sangadaliridwe. Makolo athu amene ankaona nyama pa Khirisimasi pokha ankamupeza mu usipa, matemba, mbewa, ngumbi ndi mazira apo ndi apo. Inu mwasiya zonsezo. Chiwindi chimasunga B12 kwa zaka, ndiye munthu amamva bwinobwino nthawi yaitali, kenako n'kuyamba kutopa, kuiwalaiwala, dzanzi m'manja ndi kumapazi. Mitsempha ikaonongeka kwambiri siibwereranso mwakale. Mwana woyamwa kwa mayi amene alibe B12 wokwanira ndiye amakhala pangozi yaikulu, ndipo mwa iye zimaoneka msanga.

Bungwe la Vegan Society limalangiza piritsi la mamaikulogalamu osachepera 10 tsiku lililonse, kapena 2,000 kamodzi pa sabata. Botolo lake n'lotsika mtengo ndipo limatha miyezi. Amene amamwa metformin wa shuga asamale kawiri, chifukwa mankhwalawo amachepetsanso B12.

Vitamini D ndi wachiwiri. Khungu lakuda limafuna dzuwa lambiri kuti limupange, ndipo dzuwa la ku Michigan kuyambira November mpaka March silithandiza. Mlingo wa munthu wamkulu kuno ndi 600 IU pa tsiku. D3 wambiri amapangidwa kuchokera ku mafuta a ubweya wa nkhosa. Amene sakufuna zimenezo agule D2 kapena D3 wolembedwa vegan.

Ayironi ali mu zanyemba ndi masamba, koma thupi limamutenga movutikira kusiyana ndi wa m'nyama. Tomato, mandimu, lalanje kapena tsabola wa belu pa chakudya chomwecho zimathandiza. Tiyi ndi khofi zimatsekereza, ndiye kapu ya tiyi idikire ola mutadya. Kashiamu akufunika mamiligalamu 1,000 pa tsiku. Kapu ya collard wophika imapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo umenewo, zotsalazo zichokere ku mkaka wa soya wowonjezeredwa kashiamu, tofu, chitowe ndi nyemba. Botolo la mkakawo muzilikhutchumula musanathire, kashiamu amakhala pansi. Sipinachi musamudalire pa kashiamu, thupi limatengamo zochepa. Mchere gulani wolembedwa iodized, poti kuno si mchere wonse uli ndi ayodini monga tinazolowera kwathu. Supuni ya flaxseed wogaya m'phala, kapena ma walnuts ochepa, zikwaniritsa mafuta a omega-3.

Tembenuzani paketi

Oposa theka la akuluakulu akuda ku America ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, choncho kusiya nyama kwinaku mukudya mchere wofanana n'kungosintha mbale. Bungwe la WHO limati mchere usafike magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo umene uli kale m'buledi, m'zitini ndi m'timakyubu tokometsera ndiwo. Kuseri kwa paketi yang'anani mzere wa sodium, umene umasonyeza kuchuluka kwa mchere: 5% kapena kutsika ndi wochepa, 20% kapena kukwera ndi wambiri. Pa mndandanda wa zosakaniza, lard ndi mafuta a nkhumba ndipo amabisala mu ufa wina wa cornbread ndi m'zitini za refried beans. Whey ndi casein ndi zamkaka. Gelatin ndi wa zikopa ndi mafupa. Ku lesitilanti funsani ngati masamba ndi nyemba aphikira limodzi ndi nkhukundembo yowamba, chifukwa ambiri ophika saiwerenga ngati nyama.

Konzekerani anthu

Nkhuli imavuta, koma abale amaposa. Pa chikondwerero cha 6 July padzakhala kanyenya ndi chambo chimene wina wabwera nacho m'chikwama kuchokera ku Lilongwe, ndipo anti amene achezera kuphika adzakufunsani kuti, "Mwayamba matama a chizungu?" Kutchalitchi cha anthu akuda a kuno, mayi wachikulire amene macaroni ake a tchizi amadziwika mpingo wonse adzakuikirani m'mbale osafunsa. Konse kuwiri chakudya ndi ulemu, ndipo kuchikana poyera kumapweteka.

Nenani msanga, tsiku la phwando lisanafike, kwa mwini khitchini yekha: "Anti, ine nyama ndinasiya chifukwa cha BP, koma nyemba zanu zija ndiye musandimane. Ndibweretsa masamba otendera." Bwerani ndi poto wamkulu wokwanira anthu ambiri, osati kakontena kanu nokha. Patebulo musalalikire. Amene akufuna kudziwa adzakutsatirani kukhitchini.

Zoti ndi zachizungu mungaziyankhe mofatsa, chifukwa mbiri ilipo. Dick Gregory, wanthabwala amene ankayenda m'zionetsero zomenyera ufulu wa anthu akuda, anasiya nyama mu 1965 ponena kuti mfundo yosachita chiwawa ikhudzenso zinyama. Coretta Scott King, mkazi wa Martin Luther King Jr., anakhala wosadya chilichonse chochokera ku nyama zaka zomalizira za moyo wake, atatengera mwana wake Dexter. Marasta a ku Jamaica akhala akuphika ital, chakudya chawo chopanda nyama, kwa zaka zambiri. Ndipo kafukufuku wamkulu wa yunivesite ya Loma Linda, amene anayamba mu 2002 ndi anthu a mpingo wa Seventh-day Adventist pafupifupi 96,000, mmodzi mwa anayi alionse ali wakuda, anapeza kuti matenda a shuga ndi BP anali ochepa mwa osadya nyama, akuda omwe. Ambiri a ife tili ndi wachibale wa Sabata amene anatidyetsa masoya pisi kalekale.

Ana musawakakamize ndi mbale ya masamba okhaokha. Mimba zawo n'zazing'ono, amafunika zakudya zamphamvu: chiponde, mapeyala, mafuta, phala la soya. Mwana wosakwana chaka ayamwe bere kapena mkaka wa m'chitini wopangidwira makanda, osati mkaka wa soya kapena wa oats wa m'sitolo.

Chilimwe chikafika, dzalani

Nkhwani, chisoso ndi chitambe simudzazipeza pashelefu ya supamaketi. Njira yake ndi kudzala. Detroit ili ndi malo ambiri opanda nyumba, ndipo Detroit Land Bank Authority imagulitsa puloti yoyandikana ndi nyumba yanu pa madola 100 ngati nyumbayo ndi yanu. Bungwe la Keep Growing Detroit limapereka mbewu ndi mbande kwa mabanja a ku Detroit, Hamtramck ndi Highland Park pa kandalama kochepa pachaka. Ku Rouge Park kuli D-Town Farm, munda wa maekala 7 wa bungwe limene Malik Yakini ndi anzake anayambitsa mu 2006, lomwenso linatsogolera ntchito yotsegula golosale ya mumsewu wa Woodward ija. Amalandira anthu ofuna kuthandiza ndi kuphunzira. Kwa anthu amenewa munda ndi nkhani ya ufulu: mu 1920 alimi akuda ku America analipo oposa 900,000, pafupifupi 14% ya alimi onse, pamene lero sakwana 2%.

Musanakhwasule khasu pimitsani dothi. Nyumba zakale za m'mizinda imeneyi zinapakidwa penti wa mtovu, ndipo pamene panagwetsedwa nyumba dothi likhoza kukhala ndi mtovuwo, umene umaononga ubongo wa ana. Ngati zotsatira sizili bwino, kapena mukuchita lendi, dzalani m'mabokosi okwera kapena m'zidebe zoboola pansi, ndi dothi logula. Collard ndi mpiru zimapirira kuzizira, mungadzale mu April n'kumathyolabe mpaka November, ndipo chisanu choyamba chikawamenya amakoma kwambiri. Maungu, khobwe, therere ndi bonongwe zidikire kumapeto kwa May. Mbewu ya bonongwe funsani dzina la callaloo kapena amaranth. Mbewu za kumudzi musabwere nazo mobisa m'chikwama, pabwalo la ndege amalanda ndiponso amalipiritsa. Zikachuluka mu August ndi September, futsani: wiritsani masamba mphindi ziwiri kapena zitatu, muwaviike m'madzi ozizira, muwafinye, muwaike m'timapepala m'chipinda choundanitsa. Mfutso wa m'firiji umenewu ukufikitsani mu February.

Dokotala adziwe

Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena a BP, muuzeni dokotala musanayambe, ndipo muziyeza kunyumba pafupipafupi masabata oyamba. Zakudya zikasintha, shuga ndi BP zikhoza kutsika pamene mlingo wa mankhwala uli womwewo, munthu n'kuyamba chizungulire. Wochepetsa mlingo ndi dokotala, osati inu. Amene amamwa warfarin asachulukitse masamba mwadzidzidzi, popeza vitamini K wa m'masamba amalimbana ndi mankhwalawo. Odwala impso afunse za potaziyamu wa mu nyemba, mbatata ndi nthochi. Opanda inshulansi afufuze community health center yapafupi, kumene malipiro amatengera zimene munthu amapeza. Pakatha miyezi 6 kapimitseni magazi, ndipo mutchule nokha kuti ayeze B12, vitamini D ndi ferritin (woonetsa ayironi amene thupi lasunga), chifukwa pa kuyeza kwa nthawi zonse zitatuzi saziikapo ngati simunapemphe.